Kutsata chitsamba chimodzi kuchoka m'dimba la amonke kufika pa sikelo ya apothecary

Sipatha mwezi osabwera munthu ndi chithunzi cha tsamba la buku lakale lomwe walipeza pa intaneti. Ena ndi ophunzira zamankhwala, ena angokonda zomera basi, koma funso lawo ndi limodzi: chitsamba chalembedwa apachi ndi chiti, nanga anthu a ku Ulaya ankachita nacho chiyani? Ndayankha pakamwa, ndayankha pa foni, ndajambulapo ndi papepala, ndipo pafupifupi aliyense amapunthwa pa mwala womwewo. Ndiye ndaona kuti ndilembe kamodzi, wobwera mawa ndidzangomulozera pano.

Ndinene msanga kuti awa ndi malangizo a kawerengedwe ka mbiri. Sindikukuphunzitsani kupanga mankhwala, ndipo mukafika pa nambala 7 mudzaona chifukwa chake.

1. Gwirani chomera chimodzi

Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Nkhaniyi ndi yaikulu moti mukafuna kuimeza yonse mutopa sabata isanathe. Dioscorides, dokotala wachigiriki yemwe analemba buku la De materia medica m'zaka zana zoyambirira Yesu atabadwa, anafotokoza zomera pafupifupi 600, ndipo buku lakelo linakhala likukopedwa ndi kuwerengedwa kwa zaka zoposa 1,500. Ibn al-Baytar, wobadwira ku Spain ya Asilamu yemwe anamwalira ku Damascus mu 1248, anasonkhanitsa mankhwala ndi zakudya pafupifupi 1,400. Inu sankhani chimodzi.

Tengani kope, pamwamba pa tsamba mulembe zinthu zinayi: dzina ndendende momwe lalembedwera, chilembo ndi chilembo, chaka cha chikalatacho, dera lomwe chinalembedwera, ndi chilankhulo chake. Musakonze kalembedwe ngakhale kakuoneka kolakwika. Ambiri amathamangira kumasulira dzinalo pa foni, n'kusunga lomasuliralo, loyambirira n'kulitaya. Akasochera m'tsogolo amasowa pobwerera.

2. Dziwani dimba lomwe mwalowamo

Madimba a zitsamba a ku Ulaya sanali a mtundu umodzi, ndipo umboni wake suwerengedwa mofanana.

Loyamba ndi la amonke. Umboni wooneka bwino kwambiri ndi pulani ya St Gall, yojambulidwa pa zikopa zisanu zosokedwa pamodzi ku nyumba ya amonke ya Reichenau, kumwera kwa Germany, pakati pa 820 ndi 830, ndipo ikusungidwa mpaka lero ku St Gallen m'dziko la Switzerland. Pakona ina ya pulaniyo, pafupi ndi nyumba ya madokotala ndi kogona amonke odwala, pali kadimba ka mabedi 16, bedi lililonse ndi dzina la mbewu yake: salvia, ruta, menta, rosmarino, cumino, feniculum, pulegium, costo, fasiolo, gladiola, maluwa a lilium ndi rosa, ndi zina zochepa. Dimba la ndiwo lili kwina, mitengo ya zipatso ili pakati pa manda. Koma samalani. Nyumba ya amonke imeneyi sinamangidwe monga inajambulidwira. Pulaniyo ikukuuzani zomwe munthu wa nthawiyo ankaona kuti dimba labwino liyenera kukhala nazo, osati zomwe zinaloweradi m'nthaka. Ndawerenga zolemba zambiri zoti "ku St Gall ankalima zakutizakuti" pomwe umboni wake wonse ndi chojambula chimenechi.

Yemwe anagwiradi khasu ndi Walahfrid Strabo, mkulu wa amonke a ku Reichenau komweko, amene anamwalira mu 849. Analemba ndakatulo ya Chilatini yotchedwa Hortulus, kutanthauza kadimba, yokamba za mbewu zoposa 20 za pakhomo pake. Asanafike pa mbewuzo akufotokoza momwe anazulira udzu woyabwa womwe unadzaza malowo, ndi momwe anatchingira mabedi ndi matabwa kuti dothi lisakokoloke. Munthu wolemba choncho mbewuzo anaziona ndi maso, ndipo mawu ake amalemera kuposa a wokopera.

Lachiwiri ndi la yunivesite. Luca Ghini anayambitsa la ku Pisa mu 1544, ndipo boma la Venice linatsegula la ku Padua mu 1545, lomwe likadali pamalo ake oyambirira. Leiden inatsatira mu 1590, Montpellier mu 1593, Oxford mu 1621. Gwiritsitsani chifukwa chomwe la ku Padua linakhalira. Francesco Bonafede, yemwe ankaphunzitsa za mankhwala ochokera ku zomera, anaona kuti madokotala ankadziwa mayina a m'mabuku koma chomeracho osachizindikira, ndipo ogulitsa ankawapatsa china m'malo mwa china, odwala n'kumavulala. Anapempha malo oti ophunzira akaone chomera chenicheni chili chamoyo. Mbewu zake zinali zamtengo wapatali moti akuba ankalowa usiku, mpaka mu 1552 anayamba kumanga chipupa chozungulira dimba lonse.

Lachitatu ndi la eni ntchito. Bungwe la ma apothecary (osakaniza ndi kugulitsa mankhwala) a ku London linatsegula dimba lake ku Chelsea, m'mbali mwa mtsinje wa Thames, mu 1673, kuti anyamata ophunzira ntchito azidziwa zomera zomwe adzazisinje m'sitolo. Mu 1722 Hans Sloane, mwini malowo, anawabwereketsa kwamuyaya pa mapaundi 5 pachaka, koma anaika lamulo loti chaka chilichonse azipereka ku Royal Society, bungwe la akatswiri a sayansi, zomera zouma 50 zosiyanasiyana zolimidwa m'dimbamo, mpaka zikwane 2,000. Lamulo limeneli mulikumbukire, tibwereranso.

3. Dziwani munthu yemwe anali kuseri kwa sikelo

Mawu oti apothecary anachokera ku Chigiriki, apotheke, kutanthauza mosungira katundu. Poyamba anali wosunga ndi kugulitsa zonunkhiritsa, mizu youma, vinyo ndi shuga. Ntchito yosakaniza mankhwala ngati luso lapalokha inakhwima m'mizinda ya Asilamu, makamaka ku Baghdad, kumene woyang'anira misika wotchedwa muhtasib ankayendera ogulitsa mankhwala kuona ngati sakusakanizamo zabodza. Ku Ulaya, mfumu Frederick II inalamula cha m'ma 1240 kuti mu ufumu wake wa Sicily dokotala azilemba mankhwala, wina azisakaniza, ndipo awiriwa asamagwirizane pa malonda.

Kulekanitsako sikunayende mofanana paliponse, ndipo apa ambiri amasokoneza. Ku London ma apothecary anali m'bungwe limodzi ndi ogulitsa zakudya ndi zonunkhiritsa mpaka 1617, pamene mfumu James I inawapatsa bungwe laolao. Anthu osauka sankakwanitsa kulipira dokotala, choncho ankangopita kwa apothecary kukafotokoza matenda. Madokotala anasumira mmodzi wa iwo, William Rose, chifukwa chopatsa wodwala mankhwala popanda dokotala, koma mu 1704 nyumba ya House of Lords, yomwe pa nthawiyo inalinso bwalo lalikulu la apilo, inaweruza mokomera Rose. Pofika 1815 lamulo linapatsa bungwe lawo mphamvu yoyesa mayeso ndi kupereka ziphaso, ndipo apothecary wa ku England anasanduka dokotala wa anthu wamba. Ku Germany ndi ku Italy anakhalabe wa m'sitolo ya mankhwala. Ndiye mukapeza mawuwa, funsani kuti ndi wa kuti ndipo ndi wa liti.

Mawu anayi a ntchitoyi mudzakumana nawo paliponse. Simplex, kapena simplicia zikachuluka, ndi mankhwala a chinthu chimodzi chokha, monga muzu umodzi kapena tsamba limodzi. N'chifukwa chake dimba la ku Padua linkatchedwa la simplicia. Composita ndi osakaniza. Officina ndi chipinda chosungira ndi kukonzera mankhwala, ndipo mukaona chomera chili ndi dzina lachiwiri loti officinalis, monga Salvia officinalis, dziwani kuti chinali cha pa shelefu ya apothecary. Pharmacopoeia ndi buku la boma kapena la madokotala lolamula kapangidwe ka mankhwala: mzinda wa Florence unasindikiza lake kumapeto kwa zaka za m'ma 1400, London mu 1618.

4. Dzina si chomera

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo malangizo ambiri amangolumpha ngati palibe kanthu. Amakuuzani kuti yang'anani dzina la Chilatini mu dikishonale ya zomera. Mukatero mulakwitsa, ndipo mulakwitsa muli ndi chikhulupiriro chonse, chifukwa dzinalo mulipezadi.

Ine zinandichitikira. Mu Hortulus muli ndime yaitali ya mbewu yotchedwa cucurbita. Ndinatsegula buku la zomera, ndinapeza kuti Cucurbita ndi maungu, ndinalemba m'kope kuti amonke a ku Reichenau ankalima maungu, ndipo ndinauzako ndi anthu ena. Patapita miyezi ndinabwerera ku ndakatuloyo n'kuiwerenga modekha. Walahfrid akukamba za chomera choyanga m'mwamba, chipatso chake cholendewera, cha khosi lowonda ndi mimba yotupa, choti chikadali chanthete amachidya, chikauma amachikumba m'kati n'kusungiramo vinyo. Amenewo si maungu. Ndi mphonda, yomwe ija amapangira zikho, imene akatswiri lero amaitcha Lagenaria siceraria. Maungu ndi a ku America, ndipo sakanapezeka ku Ulaya 1492 isanafike. Ndinachita kubwerera kwa aliyense yemwe ndinamuuza kukakonza mawu anga.

Msampha wake unatchereka motere. Mayina awiriawiri a zomera omwe tikugwiritsa ntchito lero anakhazikika ndi buku la Carl Linnaeus, Species Plantarum, la mu 1753. Linnaeus ndi akatswiri omwe anamutsogolera sankapeka mayina onse. Ankatenga mayina akale a Chigiriki ndi Chilatini n'kuwaveka zomera zomwe anaona kuti zikufanana, kuphatikizapo zatsopano zochokera kutsidya kwa nyanja. Dzina linakhala lomwelo, mwini dzina n'kusintha. Choncho dzina lililonse lolembedwa 1753 isanafike muzilitenga ngati mlendo yemwe wakuuzani mfunda wokha: mukuyenera kufunsabe kwao.

Chitani zinthu izi motsatana.

Choyamba, funsani ngati chomeracho chikanatha kupezeka pamalopo pa nthawiyo. Pa pulani ya St Gall pali bedi la fasiolo. Dzinali likumveka ngati Phaseolus, nyemba zathu za masiku onse, koma nazonso ndi za ku America. Akatswiri ambiri amati inali khobwe, Vigna unguiculata, yemwe Agiriki ndi Aroma ankamudziwa kale. Bedi la costo nalo lili ndi nkhani yake. Costus weniweni wa m'mabuku akale unali muzu wonunkhira wochokera kumapiri a Himalaya, wobwera wouma ndi amalonda. Mmonke wa kumpoto kwa mapiri a Alps sakanaudzala. Chomwe chinali m'bedimo ayenera kuti ndi Tanacetum balsamita, chitsamba cha masamba onunkhira chomwe chinabwereka dzina la muzu wodulawo. Kubwerekana mayina kotere kunali kofala: Dioscorides ankalemba za zomera za m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, ndipo owerenga a kumpoto kozizira ankafunafuna m'tchire lao chofanana nacho n'kuchipatsa dzinalo.

Chachiwiri, siyani dzina, werengani mafotokozedwe. Kutalika kwake, maonekedwe a tsamba, mtundu wa duwa, fungo, kukoma, komwe chimamera, mwezi womwe chimachita maluwa. Gladiola wa Walahfrid ali ndi masamba ngati lupanga ndi duwa lofiirira, ndipo muzu wake wouma ochapa zovala ankausinja kuti nsalu iume gwa ndi kununkhira. Ameneyo ndi Iris. Maluwa a gladiolus ogulitsidwa lero ambiri anachokera ku mitundu ya kumwera kwa Africa yomwe inafika ku Ulaya zaka mazana ambiri pambuyo pake.

Chachitatu, chithunzi musachikhulupirire msanga. M'mabuku olembedwa pamanja, wojambula ankakopera chithunzi cha mnzake, yemwenso anakopera kwa wina, mpaka chomera chimatsala ngati chokongoletsera cha pa nsalu. Zinthu zinasintha mu 1530 ndi buku la Otto Brunfels, lomwe wojambula wake Hans Weiditz ankajambula chomera chili patsogolo pake, ngakhale masamba ofota ndi odyedwa ndi tizilombo, kenako mu 1542 ndi buku la Leonhart Fuchs. Zithunzi za m'mabuku awiriwa mukhoza kudalira. Koma ngakhale Fuchs, pojambula chimanga bwinobwino, anachitcha tirigu wa ku Turkey. Chithunzi choona, dzina lonamiza za kwao.

Chachinayi, yendani pa mlatho wa mayina. Mu 1623 Caspar Bauhin wa ku Basel anasindikiza Pinax, mndandanda wa zomera pafupifupi 6,000, chilichonse ndi mayina onse omwe olemba akale anachipatsa. Linnaeus naye pansi pa chomera chilichonse ankalemba mayina a omwe anamutsogolera, ndipo la Bauhin limapezeka kawirikawiri. Ndiye njira yake ndi iyi: pezani dzina lanu lakale mwa Bauhin, tengani dzina lalitali lomwe Bauhin anapereka, lifunefuneni mwa Linnaeus, ndipo kuchoka kwa Linnaeus mufika pa dzina la lero. Mabuku onse awiri ali pa intaneti ulere. Ndi ntchito yofuna kudekha, tsiku lathunthu likhoza kuthera pa dzina limodzi. Chilatini chambiri sichifunika, bola muzitha kufananiza mawu.

Chachisanu, ngati chomeracho chinali cha m'dimba la yunivesite kapena la ma apothecary, funsani ngati chouma chake chilipo. Luca Ghini yemwe uja wa ku Pisa ndi amene amatchulidwa kuti anafalitsa luso loumitsa zomera pakati pa mapepala n'kuzimata m'buku. Zomera zija Sloane analamula kuti ziziperekedwa chaka ndi chaka zili ku Natural History Museum ku London. Tsamba louma lomwe mlimi wa ku Chelsea anathyola yekha, lili ndi dzina lomwe iye ankalitchula, limathetsa mkangano womwe mabuku khumi sangauthetse.

Ndipo mukachita zonsezi, patsala funso limodzi lomwe limandisowetsa mtendere mpaka lero. Tinene kuti mwadziwa chomwe dokotala ankatanthauza. Kodi n'chimene chinalowa mu mtondo? Ma apothecary anali ndi mindandanda yovomerezeka ya zolowa m'malo, yotchedwa quid pro quo, ichi m'malo mwa icho, yowauza choti aike chofunikacho chikasowa. Kumeneko kunali kusintha kwa chilungamo. Panalinso chinyengo: muzu wa mandragora unkagulidwa modula chifukwa umaoneka ngati munthu, ndipo ochenjera ankasema muzu wa bryonia kuti ukhale ndi manja ndi miyendo n'kumagulitsa. Choncho chikalata cha dokotala chimakuuzani chomwe chinafunidwa. Chomwe wodwala anamwa mungachiyandikire kudzera m'mabuku a katundu wa m'sitolo ndi malisiti ogulira, ngati alipo.

5. Onani gawo la chomera

Ili n'losavuta. Patsogolo pa dzina pamakhala mawu ofupikitsidwa: rad. ndi muzu, cort. ndi khungwa, fol. ndi masamba, flor. ndi maluwa, sem. ndi njere, herb. ndi chomera chonse cha pamwamba pa nthaka. Mawu omwewa mudzawaona pa mitsuko ndi madirowa a m'masitolo akale. Musawalumphe, chifukwa muzu ndi tsamba la chomera chimodzi zimatha kusiyana mphamvu kutalitali.

6. Werengani sikelo

Chikalata cha mankhwala chimayamba ndi chizindikiro ℞, chidule cha recipe, kutanthauza "tenga". Dokotala akulamula apothecary. Kenako pamabwera zinthu ndi miyeso yake.

Ku England miyeso inkayenda chonchi. Kochepetsetsa ndi granum, pafupifupi mamiligalamu 65. Ma granum 20 amapanga scrupulus, chizindikiro chake ℈, pafupifupi magalamu 1.3. Ma scrupulus 3 amapanga drachma, ʒ, pafupifupi magalamu 3.9. Ma drachma 8 amapanga uncia, ℥, magalamu 31. Ma uncia 12 amapanga libra, magalamu 373. Onani kuti paundi ya apothecary ndi ya ma uncia 12, osati 16 ngati ya pamsika.

Yang'anitsitsani ʒ ndi ℥. Zimasiyana ndi kamchira kamodzi kokhota pamwamba, koma china chimalemera kasanu ndi katatu kuposa chinzake. Pa inki yofufuta ndi dzanja lothamanga, kusiyanako kumavuta kuona. Kulitsani chithunzi, ndipo fananizani ndi malo ena pomwe wolemba yemweyo walemba zizindikiro ziwirizi.

Nambala imabwera pambuyo pa chizindikiro, m'zilembo zazing'ono zachiroma, ndipo i womaliza amalembedwa ngati j kuti wina asawonjezerepo: j ndi 1, ij ndi 2, iij ndi 3. Zilembo ss zikutanthauza theka. Mawu oti ana, kapena aa, akutanthauza kuti chilichonse cha zomwe zatchulidwa chikhale muyeso womwewo. M. akakhala pa masamba ndi manipulus, dzanja lodzaza, ndipo P. ndi pugillus, kotsina ndi zala. M. yemweyo akakhala kumapeto kwa chikalata ndi misce, "sakaniza".

Nachi chitsanzo chomwe ndapeka ndekha kuti muyeserere kuwerenga:

℞ Rad. liquiritiae ℥j, Sem. foeniculi ʒij, Fol. salviae M. ss.

Kuwerenga kwake: tenga muzu wa liquiritia uncia imodzi, magalamu 31, njere za foeniculum ma drachma awiri, pafupifupi magalamu 8, masamba a salvia theka la dzanja.

Cholakwika chofala ndi kutenga manambala a ku England n'kuwaika pa chikalata cha dziko lina. Libra ya ku Nuremberg, yomwe inkatsatidwa m'madera ambiri a Germany ndi kumpoto kwa Ulaya, inali pafupifupi magalamu 358. M'maiko a kumwera monga Italy ndi Spain, scrupulus kawirikawiri inali ma granum 24 osati 20. Zinthu zinayi zija munalemba pamwamba pa kope, apa zagwiranso ntchito.

7. Mvetsani maganizo ao, koma musamwe

Mabuku akalewa akamati chitsamba ndi "chotentha ndi chouma pa mlingo wachiwiri", sakukamba za kutentha koyeza ndi chipangizo. Akutsatira chiphunzitso cha Galen, dokotala wachigiriki wa nthawi ya Aroma, choti thupi lili ndi madzi anayi: magazi, makhololo, ndulu yachikasu ndi ndulu yakuda, ndipo matenda ndi kuchuluka kwa amodzi mwa amenewa. Matenda ozizira ndi onyowa ankafuna mankhwala otentha ndi ouma, pa milingo yoyambira 1 mpaka 4. Musamasulire mawu awa kukhala matenda a lero. "Kutsekeka kwa chiwindi" kwa mu 1600 si dzina la nthenda yomwe dokotala angaipeze lero m'magazi.

Anthuwa sanali opusa, ndipo ine sindilola munthu kuwaseka pamaso panga. Ankaona, ankalawa, ankasunga zomwe aona. Koma analibe njira yodalirika yolekanitsira chochiza ndi chongotchuka. Theriac wa ku Venice, mankhwala otchuka kuposa onse, anali ndi zinthu zoposa 60, kuphatikizapo opium ndi nyama ya njoka yaululu, ndipo zinthuzo ankaziyala poyera kuti akuluakulu a mzinda aziyendere asanasakanize. Chilungamo chonsecho chinali pa kapangidwe. Ngati ankachizadi, anadzafunsa mwamphamvu ndi dokotala William Heberden mu 1745.

Tsono za kumwa. Ena mwa omwe amandifunsa cholinga chao chenicheni ndi kuyesa, poganiza kuti chakale ndi chachilengedwe sichipweteka. Bwererani ku mabedi 16 aja. Pulegium, Mentha pulegium, mafuta ake amaononga chiwindi ndipo apha anthu. Ruta amatulutsa matuza pakhungu mukaigwira n'kupita padzuwa, ndipo ndi yoopsa kwa amayi oyembekezera. Aristolochia, yomwe ili m'mabuku ambiri akale, lero ikudziwika kuti imaononga impso ndi kuyambitsa khansa.

Nkhani yomwe ndimafuna aliyense aidziwe ndi ya William Withering, dokotala wa ku England. Mu 1775 anafunsidwa maganizo ake pa mankhwala a kutupa thupi omwe mayi wina wachikulire wa ku Shropshire ankasunga mwachinsinsi. Munali zitsamba 20 kapena kuposa. Withering, poti zomera ankazidziwa, anazindikira kuti chogwira ntchito ndi chimodzi, Digitalis purpurea, chomwe Angerezi amati foxglove. Dzina analipeza msanga. Chomwe chinamutengera zaka 10 ndi muyeso. Anavomereza yekha kuti poyamba ankapereka wochuluka ndipo odwala ankasanza kwambiri. Anayesa magawo osiyanasiyana a chomeracho, anaona kuti mphamvu yake imasintha ndi nyengo, mpaka anakhazikika pa masamba othyoledwa nthawi ya maluwa, oumitsidwa ndi kusinjidwa, oyezedwa ndi granum osati drachma. Anasindikiza zomwe anapeza mu 1785, ndipo m'bukumo anaikamo ndi odwala omwe sanachire. Ngati dokotala wodziwa zomera, wokhala ndi sikelo ndi odwala oti aziwaona tsiku ndi tsiku, anafunika zaka 10 pa chitsamba chimodzi, chithunzi cha pa foni sichingakupatseni muyeso. Mukadwala pitani kuchipatala.

8. Lembani zomwe mwapeza, ndi mlingo wa chikhulupiriro chanu

Tsamba lanu la m'kope lithe ndi mizere itatu: dzina lakale, chomera chomwe mukuganiza kuti ndicho, ndi umboni womwe mwaimapo. Pambali ikani chimodzi mwa mawu atatu: ndatsimikiza, mwina, kapena sizikudziwika. "Ndatsimikiza" muzisungira pomwe pali chomera chouma, chithunzi chojambulidwa kuchokera ku chamoyo, kapena mafotokozedwe osalola china, monga mphonda ya Walahfrid. Dzina likakhala lokha popanda mafotokozedwe, ngakhale akatswiri onse agwirizane, lembani "mwina".

Langa la fasiolo linalembedwa motere. Dzina: fasiolo, pulani ya St Gall, Reichenau, 820 mpaka 830, Chilatini. Chomera: khobwe, Vigna unguiculata. Umboni: nyemba za ku America zinali zisanafike, khobwe ankadziwika kale kwa Agiriki ndi Aroma, koma pa pulaniyo palibe chithunzi kapena mafotokozedwe, ndipo dimbalo silinadzalidwe monga linajambulidwira. Pambali ndinalemba kuti mwina.